Kavalo wa mpikisano: udzu poyamba, madeya pambuyo

Kuno ku Mzuzu akavalo sitiwaonaona, pokhapokha mutatsikira ku Kande, ku Nkhata Bay. Koma funsoli ndi la Biology yeniyeni: kavalo wothamanga pa mpikisano adye chiyani kuti akhale ndi mphamvu?

Ambiri muyankha msanga kuti chimanga ndi madeya ambiri, poti muli sitachi. Ine ndikukana. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amadya chakudya chouma pafupifupi makilogalamu 10 patsiku, ndipo chambiri chiyenera kukhala udzu. Chifu chake n'chaching'ono, malita 8 mpaka 15 basi. Ntchito yaikulu imachitikira m'matumbo aakulu, momwe mabakiteriya amagaya udzu n'kumatulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Mukamukhuthulira chimanga chambiri nthawi imodzi, sitachi yosagayika imafika m'menemo, asidi amachuluka, mabakiteriya othandiza aja n'kufa. Mimba imayamba kupota, chikhalirecho kavalo satha kusanza ngati ife. Ena amafa nazo ndithu.

Madeya apatsidwe, inde, koma pang'ono, kangapo patsiku, osaiwala madzi ndi mchere zomwe zimatayika ndi thukuta. Bulu wokoka ngolo kumudzi kwanu mimba yake n'chimodzimodzi. Agogo akafuna kumudzazira beseni la madeya, afotokozereni mwaulemu.