Chigayo cha mphepo ndi phokoso la masiku atatu

Kum'mawa kwa mzinda wa Rotterdam, m'dziko la Netherlands, kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Kralingse Plas. Nyanjayi inabwera chifukwa cha anthu: kalekale ankakumbapo dothi lakuda lomwe likauma limayaka ngati nkhuni, ndipo madzi anadzaza maenjewo. M'mbali mwake muli nkhalango, ndipo pagombe paima zigayo ziwiri zoyendera mphepo, De Ster ndi De Lelie. Kumasulira kwake, Nyenyezi ndi Kakombo.

Mukamva mawu oti chigayo mwina mukuganiza za mgaiwa, dizilo ndi mzere wa matumba. Izi n'zina. Ndi nyumba zazitali zamatabwa zokhala ndi mapiko anayi akuluakulu. Mphepo ikawomba mapikowo amazungulira, n'kuyendetsa magudumu amano omwe ali m'kati, magudumuwo n'kuyendetsa miyala yoperera ndi minsi yosinjira. Ndipo sizigaya chimanga ayi. Zimapera zokometsera chakudya komanso fodya wa m'mphuno, yemweyu amene agogo ena amasunga m'kabotolo.

Ntchito yake inali yofuna kudekha. Masamba a fodya ankawanyowetsa ndi msuzi wonunkhira, kuwakulunga zolimba m'nsalu, kumanga ndi chingwe, n'kuwasiya nthawi yaitali kuti akhwime. Kenako ndi pomwe ankawaduladula n'kuwasinja mpaka asanduke ufa. Nthawi imeneyo fodya wa m'mphuno anali wa anthu apamwamba ku Ulaya, ndipo bizinesiyi inkabweretsa ndalama.

Koma zinthu zinatembenuka. Kunabwera makina oyendera nthunzi, kenako magetsi, omwe sadikira kuti mphepo iwombe. Anthu nawo anasiya fodya wa m'mphuno n'kuyamba ndudu. M'zaka za m'ma 1800 dziko la Netherlands linali ndi zigayo za mphepo pafupifupi 10,000. Lero zatsala zongopitirira pang'ono 1,000. De Ster ndi De Lelie zinapulumuka, ngakhale pa 14 May 1940 pomwe ndege za Germany zinaphulitsa pakati pa mzinda wa Rotterdam. Koma mu 1962 De Ster inapsa ndi moto. Panalibe wamalonda amene akanapindula poimanganso. Komabe inamangidwanso, ndipo pofika mu 1970 inali itaimanso pamalo pake.

Chaka chomwecho, m'nkhalango ya m'mbali mwa nyanja yomweyi, munachitika zomwe anthu a ku Netherlands sanaziiwalebe. Kuyambira pa 26 mpaka pa 28 June 1970 kunali chikondwerero cha nyimbo za rock chotchedwa Holland Pop Festival. Panali pasanathe chaka chichitikireni chikondwerero cha Woodstock ku America, ndipo achinyamata a ku Ulaya ankafuna chawo. Mmodzi mwa okonza anali Berry Visser, mnyamata wa zaka za m'ma 20. Kunabwera oimba otchuka: Santana, Jefferson Airplane, The Byrds, Canned Heat, T. Rex ndi Pink Floyd. Khamu lake akuti linali la anthu pafupifupi 100,000 kapena kuposerapo, ambiri akugona pa udzu pomwepo, mvula kapena dzuwa.

Kodi anali ndani achinyamata amenewa? Ambiri anabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Makolo awo anamanganso dziko kuchokera pa phulusa, ndiye ankalemekeza ntchito, kumvera ndi kusunga ndalama. Anawo anati moyo si zokhazo. Anasunga tsitsi lalitali, anavala zomwe akufuna, anatsutsa nkhondo ya ku Vietnam, anafunsa mafunso omwe akuluakulu sankafuna kumva. Kwa makolo ambiri, amenewa anali ana osamva basi.

Nkhani ya chamba sitingaibise. Ambiri ankasuta poyera pa chikondwererocho, ndipo apolisi, omwe ena analowa osavala yunifolomu, anasankha kungoyang'anira osagwira anthu mwachisawawa. Masiku atatuwo anatha popanda chipwirikiti chachikulu. Ambiri amati apa ndi pamodzi mwa pomwe panayambira kaganizidwe kamene kanafikitsa dzikolo pa lamulo la mu 1976, losiyanitsa chamba ndi mankhwala oopsa kwambiri monga heroin. Musamve molakwa: lamulolo silinanene kuti chamba n'chabwino, ndipo a ku Netherlands eni ake akukanganabe za zotsatira zake mpaka lero. Mfundo ndi yakuti zochitika za masiku atatu zinalowa m'mkangano wa malamulo a dziko lonse.

Nanga ndalama? Apa ndiye panavuta. Anthu ochuluka zedi analowa osalipira, ena podumpha mpanda, ndipo ogula matikiti anali ochepa poyerekeza ndi khamulo. Okonza anatuluka ndi ngongole. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Khamu lomwe unaliona ndi maso si ndalama yomwe ili m'thumba.

Ndiye taonani. Pagombe limodzi pali zinthu ziwiri zooneka ngati adani: chigayo cha makolo, chodekha, chodikira mphepo, ndi chikondwerero cha ana okana za makolo, chaphokoso, chofuna zonse lero lomwe. Koma zikufanana pa chinthu chimodzi. Mukaziyeza ndi ndalama, zonse zinalephera. Chigayo chinaluza msika, chikondwerero chinaluza pakhomo. Chikhala kuti phindu ndiye muyeso wokhawo, bwenzi De Ster ili phulusa loiwalika, ndipo bwenzi za 1970 zikutchulidwa ngati chitsanzo cha bizinesi yosayenda.

Sizinatero chifukwa panapezeka anthu osunga. Zigayo ziwirizi zikuzungulirabe, ndipo anthu ongodzipereka ndi amene amaziyendetsa, kupera fodya ndi zokometsera monga kale, n'kumaonetsa alendo. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso loyendetsa zigayo za mphepo ndi za madzi la ku Netherlands pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa. Chikondwerero nacho chinajambulidwa, ndipo filimu yake, Stamping Ground, inatuluka mu 1971. Berry Visser sanathere pa ngongole ija: kampani yomwe anayambitsa, Mojo Concerts, inakula n'kukhala yaikulu pa zokonza makonsati m'dzikolo.

Ndipo nachi chosangalatsa. Amene anali ndi zaka 20 pa udzu uja mu 1970 lero adutsa zaka 70. Ana osamva aja ndi agogo tsopano, ndipo phokoso lawo lalowa m'mabuku a mbiri ya mzinda, tsamba loyandikana ndi la chigayo.

Choncho pali mafunso awiri oti tidzifunse ife a mafoni m'manja. Loyamba: mwa zakale zomwe tikuzidutsa tsiku ndi tsiku, nyumba, luso la manja, nyimbo za agogo, n'chiti chomwe chikapsa mawa tingasonkhe kuti chimangidwenso, ngakhale sichilowetsa kobiri? Lachiwiri: mwa zathu zomwe akuluakulu akuzitcha phokoso, ndani akuzisunga? Kavidiyo ka pa WhatsApp kamapita ndi foni ikatayika. Ngati tikufuna kuti adzukulu adzadziwe kuti tinaimba chiyani ndipo tinakana chiyani, wina mwa ife ayenera kuyamba kusunga lero.