Nkhufi za m'khola la nkhuku tizizidziwa ndi maina ake

Nkhuku zikayamba kufooka ndi kufa, ambirife timathamangira kunena kuti ndi chitopa. Timaiwala kuti m'ming'alu ya khola mumabisala nkhufi, nkhupakupa zofewa zopanda chikamba pamsana. Zimatuluka usiku, kuyamwa magazi kanthawi kochepa, n'kubwereranso kobisala, ndipo zazikulu zimatha chaka chathunthu osadya. Tiana take timakakamira kunsi kwa mapiko masiku angapo.

Mtundu wotchuka ndi Argas persicus, umene umafalitsa bakiteriya wa Borrelia anserina. Nkhuku yogwidwa ndi bakiteriyayu imatentha thupi, imatsekula m'mimba, mwinanso kufa. Katemera wa chitopa sangaiteteze.

Vuto ndi lakuti mitundu ya nkhufizi imafanana kwambiri, ngakhale pa maikulosikopu. Mu 1969, akatswiri awiri, Kaiser ndi Hoogstraal, anafotokoza mtundu wina wa kuno kumwera kwa Africa, Argas walkerae, umene tiana take timapuwalitsa nkhuku. Maso okha angatinamize. N'chifukwa chake masiku ano akatswiri amatenga DNA ya nkhufi, kuchulukitsa kachigawo ka jini monga 16S kapena COI pogwiritsa ntchito PCR, kenako n'kukayerekeza ndi zimene zasungidwa mu GenBank.

Ena adzati mlimi wa kumudzi alibe nazo ntchito, poti chithandizo n'chimodzimodzi: kumata ming'alu ndi kupopera mankhwala m'khola. Zoonadi, pa khola limodzi zimenezo n'zokwanira. Koma sitingadziwe mtundu umene ukufalitsa matenda m'boma lathu, kapena ngati nkhufi za m'zisa za mbalame zakutchire zikulowa m'makola athu, tisanazitchule maina olondola.

Tisaganizenso kuti makina athetsa zonse. Amene anayamba kuika zotsatira zake mu GenBank akakhala kuti analakwitsa dzina, onse oyerekeza ndi zakezo adzalakwitsanso. Maikulosikopu ndi DNA ziyenera kuyendera limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife ophunzira za labotale ndi za ulimi tikhoza kuyambapo. Pa tchuthi tiyeni tifufuze m'makola akwathu, titole nkhufi, tiziike m'kabotolo ka ethanol, tilembepo malo ndi tsiku. Tipemphe aphunzitsi athu atilumikize ndi malabotale okhala ndi makina a PCR. Nkhuku zimene tikufuna kupulumutsazi ndi zomwe makolo athu amagulitsa kuti atilipirire fizi.