Mankhwala a mawa angapezeke mu bowa ndi chuku, koma nkhalango zikutha

Zomba, Mana: Ena mwa mankhwala amene anthu a pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa amadalira, monganso Amalawi ena onse, gwero lake ndi chuku. Penicillin anatulukiridwa ndi Alexander Fleming ku London m'chaka cha 1928 kuchokera ku chuku cha Penicillium. Ceftriaxone, yemwe zipatala zathu zimabaya odwala mwakayakaya, ndi wa m'gulu la mankhwala ochokera ku chuku chimene Giuseppe Brotzu anapeza ku Sardinia mu 1945.

Vuto ndi lakuti mphamvu ya mankhwalawa ikuchepa. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti tizilombo tosamva mankhwala a m'gulu la ceftriaxone tachuluka kwambiri. Kwa wodwala wa ku Chisi, amene amayenera kuwoloka pa bwato mpaka ku Kachulu kuti akafike ku chipatala chachikulu cha Zomba, mankhwala oyamba akalephera moyo umakhala pachiswe.

N'chifukwa chake akatswiri akufunafuna mankhwala atsopano mu bowa ndi chuku. Pa nkhani ya khansa, dziko la Japan linavomereza PSK mu 1977 ndi lentinan mu 1985. Onsewa amachokera ku bowa ndipo amaperekedwa pothandizira mankhwala ena a khansa, osati m'malo mwake.

Malawi ali ndi poyambira. Buku la Brian Morris la 1987, Common Mushrooms of Malawi, linalemba mitundu yambiri ya bowa wathu, ndipo University of Malawi, National Herbarium komanso Forestry Research Institute of Malawi zonse zili ku Zomba konkuno. Koma bowa wambiri wa m'tchire amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga masuku, pamene mitengo yozungulira nyanja ya Chilwa yakhala ikugwetsedwa pofuna nkhuni zowambira nsomba. Mtengo ukagwa, bowa wake amatha asanayezedwe n'komwe.

Anthu asapusitsidwe kuti chuku chilichonse ndi mankhwala. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Chofunika ndi chakuti boma liike ndalama pa kafukufuku wa bowa wathu, liteteze mitengo imene yatsala, ndiponso lithetse kugulitsa mankhwala mwachisawawa m'misika.