Ng'ala Yachoka, Koma Ntchito Siinathe

Kuno ku Chiradzulu timaona makolo athu akupita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre kukachotsedwa ng'ala. Pobwera amaonanso zidzukulu ndi malemba a Qur'an. Koma ena akangoona kuti diso layera, kabotolo ka mankhwala amakaiwala.

Tinakazonda bambo wina wa kumzikiti kwathu. Mankhwala anasiya tsiku lachitatu, otsalawo anapatsa mnzawo woyabwa maso. Tinawapempha kuti abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Chifukwa chake nachi. Pochotsa ng'ala, dokotala amacheka diso, nachotsa kagalasi kachibadwa kamene kachita chifunga, naikamo kena kapulasitiki. Balalo ndi laling'ono, koma lisanapole tizilombo ta m'zikope ndi m'manja tingathe kulowa. Mafinya akayamba m'kati, diso likhoza kufa m'masiku owerengeka. Kafukufuku wa madokotala a ku Ulaya amene anatuluka mu 2007, wokhudza odwala oposa 16,000, anapeza kuti kuthira mankhwala a cefuroxime m'kati mwa diso pomaliza opaleshoni kumachepetsa matendawa pafupifupi kasanu. Imeneyo ndi mbali ya dokotala. Mbali yathu ndi madontho amene amatipatsa potuluka.

Sambani m'manja ndi sopo musanadonthetse. Kamwa la botolo lisakhudze diso. Tsatirani nthawi ndi masiku amene mwauzidwa, ndipo botolo ndi la munthu mmodzi. Abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, musamire m'nyanja kapena kukhala pa utsi wowamba nsomba mpaka dokotala atalola. Madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere zisalowe m'disomo.

Nanga swala? Popanga wudhu madzi asalowe m'diso lochekedwalo. Ngati dokotala wakuletsani kuwerama, swalini chokhala, chipembedzo chimalola wodwala. M'mwezi wa Ramadhani maulama ambiri amati madontho a m'maso saononga kusala. Wokayika afunse shehe, koma asasiye mankhwala.

Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya, kapena kuona kukachepanso, musadikire tsiku limene analemba m'buku lanu la kuchipatala. Nyamukani pomwepo. Ana ndi zidzukulu, agogo amaiwala ndipo manja awo amanjenjemera. Kabotoloko kagwireni ndinu.