Pakati pa apamwamba ndi osauka, apakati ali kuti?

M'caka ca 2011 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalengeza kuti Zambia yacoka m'gulu la maiko osauka ndipo yalowa m'gulu la maiko apakati. M'caka ca 2022 anatibweza kumbuyo, ndipo m'caka ca 2023 anatikwezanso. Kukwera ndi kutsika konseku kunacitikira papepala. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Nyimba sanaone kusintha kulikonse m'nkhokwe mwake. Motero tiyenera kufunsa: ngati dziko ndi lapakati, nanga anthu apakatiwo ali kuti?

Ofesi ya boma yoona za ciwerengero, ZamStats, inapeza kuti m'caka ca 2015 anthu 54 pa anthu 100 alionse anali osauka, ndipo pofika 2022 anakwana 60. Kumidzi anali pafupifupi 79 pa 100, m'matauni pafupifupi 32. Tikacotsapo apamwamba ocepa aja okhala kumayadi monga ku Kabulonga, otsala pakati ndi owerengeka.

Apakatiwa tiwadziwa. Ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, akalaliki a m'maofesi ndi eni timasitolo. Tikawaona akukankha tirole ku Manda Hill kapena atabwera pagalimoto kumaliro kumudzi, timati awa zao zinayenda. Koma ambiri malipiro ao amafika atadulidwa kale ndi ngongole, ndipo pakati pa mwezi amathamangira kaloba. Munthu mmodzi wa pa nchito amasenza abale a kwao ndi a kwa mkazi wake. Bungwe la JCTR, limene mwezi ndi mwezi limawerengera zofunika pa banja la anthu asanu, linapeza kuti m'caka ca 2024 banja lotere mu Lusaka linkafunika ndalama zopitirira K10,000 pa mwezi. M'caka comweco malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba, malinga ndi lamulo, anali K1,300. Wapakati angagwe m'umphawi ndi matenda amodzi kapena maliro amodzi cabe.

Cilala ca 2024 cinaonetsa poyera kusiyana kumeneku. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za tsoka la dziko m'mwezi wa Febuluwale. Cimanga cinatsika kucoka pa matani opitirira 3 miliyoni kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo madzi atacepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima pafupifupi tsiku lathunthu. Apamwamba anagula ma solar ndi majenereta, moyo nkumapitirira. Apakati anakongola kuti agule kabatire koyatsira nyale. Wometa tsitsi ndi wowocerera zitsulo m'komboni anangokhala manja lende, pamene mlimi anagulitsa mbuzi ndi njinga kuti ana adye.

Apa ndipo tiphunzirapo cinthu cimodzi: cimene cisiyanitsa magulu a anthu m'dziko muno ndi mphamvu yodikira. Wolemera angathe kudikira. Wosauka amagulitsa pa nthawi yoipa ndi kugula pa nthawi yoipanso.

Tiyeni tione cimanga. Mlimi amakolola mu Meyi ali ndi ngongole, ana akufuna nsapato ndi mayunifomu, mayi akufuna mankhwala. Bungwe la FRA silingayambe kugula cimanga cisanaume bwino, ndipo zaka zambiri alimi akhala akudandaula za kucedwa kwa malipiro. Ndiye amalonda amafika pakhomo ndi sikelo ndi ndalama m'manja, nkugula pameda pameda. Iwo amasunga. Pofika Januwale mlimi yemwe uja amakacita ganyu m'munda wa mnzake kuti agule cimanga cake comwe pamtengo wokwera, munda wake uli m'chire. Mtengo wa FRA unakwera kucoka pa K180 pa thumba la makilogalamu 50 m'caka ca 2022 kufika pa K280 mu 2023, K330 mu 2024 ndi K340 mu 2025. Izi ndi zabwino, koma mtengo umenewu umathandiza yekhayo amene cimanga cake cikali m'nkhokwe pamene depoti itsegulidwa. Wa m'tauni nayenso ali m'msampha womwewo. Amene alibe ndalama ya thumba lathunthu la unga amagula pamela tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa mwezi walipira zambiri kuposa wogula thumba.

Ciyambire kale maboma athu amaopa kwambiri mkwiyo wa m'tauni kuposa kulira kwa kumudzi. Mtengo wa unga utakwera mu Disembala 1986 kunabuka zipolowe ku Copperbelt, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda anabweza mtengowo. Mu Juni 1990 zipolowe zinabukanso mu Lusaka, anthu anafa, ndipo caka cotsatira cipani ca UNIP cinagonja pa masankho. Andale anatolapo phunziro lakuti unga ukhale wochipa. Ndiye cifukwa cake kangapo konse boma lakhala likutseka malire kuti cimanga cisatuluke, ndipo amene amalipira mtengo wa mtendere umenewo ndi mlimi.

Tisanamizane kuti kumudzi tonse ndife ofanana. Ofufuza za ulimi a bungwe la IAPRI akhala akuonetsa kuti alimi ocepa, a minda ikuluikulu, ndiwo amagulitsa gawo lalikulu la cimanga ca pamsika, pamene mabanja ambiri amagula cimanga coculuka kuposa cimene amagulitsa. Pulogalamu ya fataleza wochipa, imene inayamba m'caka ca 2002 ndipo lero tiicha FISP, yakhala ikufuna kuti mlimi akhale m'kopaletivu ndi kuyamba walipira K400. Mayi wamasiye amene alibe K400 amatsala, kapena amapereka dzina lake kwa wa ndalama posinthana ndi thumba limodzi. M'chalichi timakhala pabenchi imodzi, koma wina ali ndi ng'ombe ndi ngolo, wina ali ndi khasu lokha.

Pali zina zimene zacitika zoyenera kuyamikira. Maphunziro aulere kufikira Giredi 12 anayamba m'caka ca 2022, aphunzitsi opitirira 30,000 analembedwa nchito, ndipo ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Koma makalasi adzaza, ndipo amene ali ndi ndalama acotsa ana ao kupita nao ku masukulu olipira. Sukulu ya boma ikatsalira ana a osauka okha, ndani wa mau amphamvu amene adzailankhulire?

Ife tikhulupirira kuti gulu lapakati lolimba lidzacokera kumunda, kwa mlimi amene ali ndi zotsala ndipo angathe kudikira mtengo wabwino. Mlimi wotere ndiye amagula malata kwa wa sitolo wa ku Katete ndi kulemba nchito womanga ndi kalipentala. Boma litsegule madepoti pa nthawi yake, lilipire msanga, likonze miseu ya kumidzi, ndipo lileke kutseka ndi kutsegula malire mosadziwitsa. Ife alimi tisandutse makopaletivu athu akhale osungira ndi kugulitsira pamodzi cimanga, soya ndi nshawa, asamangodzuka pa nyengo ya fataleza. Tizipezeka pa misonkhano ya CDF m'mawadi mwathu ndi kufunsa kumene ndalama zapita.

Kwa inu abale athu apakati, mukabwera kumudzi kudzagula cimanga musamapondereze mtengo cifukwa wogulitsayo ali pamavuto, ndipo wanchito wa m'nyumba mwanu muzimulipira monga lamulo linenera. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Cilala ca 2024 cinatikumbutsa kuti kucoka pamene muli kufika pamene pali mlimi wosaukayo ndi pafupi kwambiri.