Mkango Wozulidwa Mano

M'chaka cha 2025, mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa nyimbo za rege inapita kwa chimbale chimene chinatulutsidwa potsagana ndi filimu ya Bob Marley: One Love. M'chimbalecho oimba otchuka a masiku ano, monga Wizkid wa ku Nigeria, Shenseea wa ku Jamaica ndiponso Kacey Musgraves ndi Leon Bridges a ku America, anaimbanso nyimbo za malemu Marley. Anthu anaomba m'manja, nati uwu ndiwo ulemu woyenera mfumu ya rege. Komatu munthu woyang'ana mofatsa mndandanda wa nyimbozo aona kuti zambiri ndi zomwe zija zimene dziko lakhala likudyetsedwa kuyambira 1984: "Three Little Birds", "One Love", "Is This Love", "Waiting in Vain". Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimbale zambiri zokumbukira Marley zimalemekeza munthu amene amalonda anadziumbira okha, munthu wofatsa ndi womwetulira, wosakhumudwitsa wogula aliyense.

Marley anamwalira ku Miami pa 11 Meyi 1981 ali ndi zaka 36. Patapita zaka zitatu, kampani ya Island Records inasonkhanitsa nyimbo zake m'chimbale chotchedwa Legend. Amene anatsogolera ntchito yosankha nyimbo anali Dave Robinson, ndipo iye sanabise kuti cholinga chake chinali kugulitsa Marley kwa Azungu amene ankamuopa ngati woukira. Ntchitoyo inaphula kanthu: Legend yagulitsa makope oposa 25 miliyoni, kuposa chimbale china chilichonse cha rege. Koma m'chimbale chimenechi mulibe nyimbo ngakhale imodzi yochokera mu Survival ya 1979. Mulibenso "War" ya 1976, imene mawu ake anatengedwa m'zimene Mfumu Haile Selassie inayankhula ku United Nations mu 1963 podzudzula tsankho. Mulibe "Them Belly Full", nyimbo ya anjala, kapena "Burnin' and Lootin'", nyimbo ya anthu otopa ndi nkhanza za apolisi. Kuchokera nthawi imeneyo, okonza zimbale zachikumbutso ambiri amatunga m'chitsime cha Legend, ngati kuti Marley anaimba nyimbo khumi ndi zinayi zokha.

Kwa wokhala kummwera kwa Africa, kusiyidwa kwa Survival ndi nkhani yaikulu. Pachikuto cha chimbalecho pali mbendera za mayiko a mu Africa, pamodzi ndi chithunzi cha sitima ya akapolo chosonyeza mmene anthu ankapanikizidwira ngati matumba. M'menemo ndimo muli "Zimbabwe" ndi "Africa Unite". Chifukwa cha nyimbo zimenezi Marley anaitanidwa kudzaimba pa bwalo la Rufaro mu Epulo 1980, usiku umene Rhodesia inatha ndi Zimbabwe kubadwa. Iye anadzilipirira yekha ulendowo, yekha ndi gulu lake ndi zida zomwe. Usikuwo apolisi anathira utsi wokhetsa misozi khamu la anthu wamba limene linkafuna kulowa m'bwalo, ndipo mawa lake iye anaimbanso kuti otsekeredwa kunja aja amuone. Ameneyo ndiye Marley amene anaimbidwa m'nyumba za ku Mbare, ku Soweto, ku Matero ndi ku Ndirande. Nkhani ya filimu ya 2024 ija imayambira pa chiwembu chomuombera mu Disembala 1976, nkudzathera pa konsati ya mtendere ya ku Kingston mu 1978. Zaka zake za Africa zimangotchulidwa mothamanga kumapeto.

Wina anganene kuti nyimbo zachikondi ndi zakenso Marley, ndipo Legend ili ndi "Get Up, Stand Up" ndi "Redemption Song". Zimenezo ndi zoona. Palibe amene akuti woimbayo anali wa mkwiyo wokhawokha. Vuto lili pa muyeso. Nyimbo ya kuukira ikaikidwa yokha pakati pa nyimbo zachikondi zisanu ndi zitatu, imasanduka zokometsera, ngati tsabola wothira pang'ono kuti mlendo asatsamwe. Anganenenso kuti popanda zimbale zimenezi achinyamata sakanamudziwa Marley. Koma wachinyamata amene wangomva "Three Little Birds" m'mawu ofewa a woimba wa ku Nashville wadziwa chiyani za Trench Town, za umphawi ndi mfuti zimene zinabala nyimbozo? Wangodziwa nkhope ya pa malaya.

Umboni woti njira ina ilipo uli m'zimbale zomwezi. Mu 1999 Stephen Marley anakonza Chant Down Babylon, momwe mawu a bambo ake analumikizidwa ndi oimba achikuda a ku America. Ngakhale nyimbo imene inatchuka kwambiri inali yachikondi, ya Lauryn Hill, chimbalecho chinapereka "Concrete Jungle" kwa Rakim, "Burnin' and Lootin'" kwa The Roots ndi "Survival" kwa Chuck D. Apa oimba anatenga nyimbo zimene zinkanena za moyo wa m'makwalala awo, nazionjezera mawu awo. Anakambirana naye malemuyo monga anthu ovutika chimodzimodzi.

Chimbale cha Africa Unite cha 2023, chimene chinasonkhanitsa oimba a mu Africa muno, chimaonetsa mbali zonse ziwiri. Dzina lake linabwerekedwa ku Survival, koma nyimbo yeniyeni ya dzinalo mulibe, ndipo "Zimbabwe" mulibenso. Ambiri mwa oimbawo, monga Tiwa Savage, Sarkodie, Ayra Starr ndi Patoranking, anaimba nyimbo za mu Legend zomwe zija. Nyimbo yokhayo ya mu Survival, "So Much Trouble in the World", inaimbidwa ndi Winky D ndi Nutty O a ku Zimbabwe. N'zosadabwitsa. M'chaka chomwecho apolisi anaimitsa konsati ya Winky D ku Chitungwiza, chimbale chake cha Eureka Eureka chitakwiyitsa otsatira chipani cholamula podzudzula katangale. Woimba amene waonapo apolisi akukwera pa nsanja amadziwa nyimbo ya Marley imene ikadali ndi mano.

Chifukwa chimene "Zimbabwe" imazembedwera n'chosavuta kuchiona. Woimba nyimboyo lero sangathawe kufunsa kuti ufulu umene unakondwereredwa pa Rufaro unathera kuti, pamene patangopita zaka zitatu asilikali a boma lomwelo anayamba kupha anthu zikwizikwi ku Matabeleland. Funso lotere siligulitsa malonda, ndipo silikondweretsa olamulira. Komabe ndi funso limene mwininyimbo akanafunsa. Ku Malawi, Evison Matafale sanafunikire kubwereza nyimbo za Marley kuti akhale wolowa m'malo mwake: anaimba zake m'Chichewa, nalemba kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Cholowa cha Marley chinaoneka pamenepo momveka kuposa m'chimbale chilichonse cholandira mphoto.

Ophunzira ndi aphunzitsi a zaluso m'chigawo chino ali ndi udindo pa nkhaniyi. Chimbale chachikumbutso ndi mtundu wa mbiri, chifukwa wosankha nyimbo amasankhanso zimene mbadwo wotsatira udzakumbukire. Choncho chiyenera kuunikidwa monga momwe buku la mbiri limaunikidwira: wasankha ndani, wasiya chiyani, ndipo phindu likupita kwa yani? Wophunzitsa za Marley aike Survival patsogolo pa Legend, ndipo ophunzira ayerekeze mindandanda iwiriyo okha. Oimba a ku Harare, Lusaka, Maputo ndi Blantyre nawo, akaitanidwa kukalemekeza malemuyo, ali ndi ufulu wokana nyimbo imene apatsidwa ndi kupempha ina. Chiliza chokongola chimakondweretsa odutsa m'njira, koma chimalemera pa chifuwa cha wogona pansi pake.