Pedulo yabwino ndi imene imakumasula pa nthawi yake

Wokonda kupalasa njinga m'mapiri akangozolowera tinjira ta miyala, anzake amayamba kumuuza kuti yakwana nthawi yogula mapedulo ogwira nsapato. Awa ndi aja amene pansi pa nsapato pamamangidwa kachitsulo kotchedwa cleat, kamene kamalowa m'pedulo n'kutsekeka, ndipo phazi silichoka mpaka mutapotozera chidendene kunja. Ine ndimawakonda mapedulo amenewa, koma sindigwirizana ndi mmene ambiri amawasankhira. Amayang'ana kupepuka, maonekedwe ndi dzina la katswiri amene amawagwiritsa ntchito, n'kuiwala mafunso awiri amene ali ofunikadi: kodi pedulo imeneyi idzandimasula matope atadzaza, ndipo ikayamba kugwedera ndani angaikonze?

Nzeru yomanga phazi ku pedulo motere inatchuka ndi kampani ya ku France ya Look, imene kale inkapanga zogwirira nsapato za ochita masewera otsetsereka pa chipale chofewa. Mapedulo ake anatuluka mu 1984, ndipo chaka chotsatira Bernard Hinault anapambana nawo mpikisano wa Tour de France. Koma amenewo anali a pa tala. Cleat yake inali yaikulu, yotulukira kunja, moti munthu akatsika njinga ankayenda motsimphina. M'phiri zimenezo sizingatheke, chifukwa kumeneko kutsika n'kukankha njinga, kapena kuinyamula paphewa powoloka mtsinje, ndi mbali ya masewerawo. Shimano ya ku Japan ndiyo inathetsa vutoli mu 1990 ndi mtundu wa SPD, umene cleat yake ndi yaing'ono, yomangidwa ndi mabawuti awiri, yobisika mkati mwa mphira wa nsapato.

Ubwino wa mapedulo ogwira nsapato tisaukokomeze. Ambiri amati ukamangika umakoka pedulo ikamakwera m'mwamba, motero mphamvu zimawirikiza. Zimenezo zimachitika pang'ono chabe, makamaka pothamanga mwadzidzidzi kapena pokwera chitunda chachifupi mutaimirira. Phindu lenileni ndi lakuti phazi limakhala malo amodzi. Gudumu lakumbuyo likamadumphadumpha pa mizu ndi miyala, simutaya pedulo, ndipo simukhadzulidwa msongolo ndi pedulo yobwerera. N'chifukwa chake pa mipikisano yozungulira m'mapiri, imene Nino Schurter wa ku Switzerland anapambanako mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, pafupifupi aliyense amakhala womangika. N'chimodzimodzinso pa Cape Epic ya ku South Africa, mpikisano wa masiku asanu ndi atatu umene unayamba mu 2004.

Komabe pali Sam Hill wa ku Australia, amene amatsutsa aliyense wonena kuti wopanda cleat sangapikisane. Iye anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsetsereka phiri mu 2006, 2007 ndi 2010, kenako n'kupambana mpikisano wa Enduro World Series zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2017, ndipo zonsezi anachita ndi mapedulo wamba okhala ndi timano togwira mphira wa nsapato. Phunziro la Hill ndi lakuti luso limayamba, chitsulo chimabwera pambuyo. Amene sanaphunzire kukanikiza zidendene pansi potsetsereka, kapena kudumphitsa njinga popanda kuikoka ndi nsapato, cleat imangomubisira vuto lakelo mpaka tsiku limene lidzamugwetse.

Tsono mwaphunzira, ndipo mwatsimikiza kugula. Mitundu imene mungakumane nayo kawirikawiri ndi itatu.

Crankbrothers ya ku America inatulutsa Eggbeater, pedulo yopanda thupi, yongokhala tizitsulo topingasa pa mtanda wake. Phazi limalowa mbali zinayi, ndipo matope amangodutsa chifukwa alibe pokhala. M'nyengo ya dzinja imeneyi ndi mfumu. Koma cleat yake ndi ya mkuwa wosakaniza, wofewa dala kuti uzitha iwo m'malo mwa pedulo, choncho muziyembekezera kugula ina pafupipafupi. Mkati mwakenso muli tizipangizo timene timafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo kampaniyo imagulitsa paketi yake yapadera. Peduloyi ilibe bawuti yolimbitsira kapena kufewetsera sipuling'i.

Time ATAC ya ku France nayonso imachita bwino m'matope, ndipo imalola phazi kusuntha pang'ono uku ndi uku, zimene anthu odwala mawondo amayamikira. Vuto lake kwa ife si kapangidwe, koma kusowa kwa cleat yake ikatha.

Shimano SPD siiposa zinzakezi pa matope. Dothi la katondo likamata pansi pa nsapato, pamafunika kumenyetsa phazi pa pedulo kawiri katatu kuti cleat ilowe. Koma pa kulimba palibe mkangano. Cleat yake ndi yachitsulo cholimba. Pedulo ili ndi kabawuti kamene mumafewetsa mukamaphunzira n'kumalimbitsa mukazolowera. Mkati muli timipira ta chitsulo tozungulira m'girisi, kapangidwe kofanana ndi ka habu ya njinga wamba, moti wokonza njinga waluso akakhala ndi chomasulira chake amatha kuitsegula, kuitsuka, kuthiramo girisi watsopano n'kuimanganso. Mtundu wotsika mtengo wa M520 umalemera pafupifupi magalamu 380 mapedulo onse awiri, pamene Eggbeater yapakatikati imapepukirapo ndi magalamu ngati 100. Kusiyanako sikufika ngakhale theka la kapu ya madzi, ndipo palibe amene analephera chitunda cha ku Chawe chifukwa cha kulemera kotere.

Apa m'pamene malo amene munthu akupalasira amalowerera. Wokhala ku Geneva kapena ku Cape Town pedulo ikagwedera amapita kusitolo madzulo omwewo. Wopalasa pa Zomba, m'munsi mwa Mulanje kapena ku Nyika, kachipangizo kakang'ono kakathyoka amadikira mnzake wochokera ku Joni. Kwa munthu wotere pedulo yodalirika ndi imene imapirira fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Januwale popanda kupempha zosowa, ndiponso imene cleat yake mnzake angamubwereke. Pa muyeso umenewu SPD ndiyo ndingalangize wina aliyense woyamba. Ngati mukuopa kugwa, yambani ndi cleat ya SH56, imene imamasuka mbali zingapo, kenako mudzasamukire ku SH51, imene imamasuka pokhapokha chidendene chikapita kunja.

Ngozi zambiri zimene anthu amanamizira pedulo zimachokera pa mabawuti awiri aja a pansi pa nsapato. Imodzi ikamasuka n'kugwa m'njira, cleat imayamba kuzungulira pa bawuti yotsalayo. Mumapotoza chidendene, nsapato ikutembenuka, koma cleat ili phee m'pedulo. Mwafika poima, phazi silikuchoka, ndipo mumagwa chammbali njinga ili pakati pa miyendo. Kuti mumasuke mumavula nsapato n'kuisiya ikulendewera pa pedulo. Mankhwala ake ndi otchipa: pakani girisi pang'ono pa mabawuti pomanga, muziwaona ngati ali olimba musananyamuke, ndipo sungani bawuti imodzi yapadera m'kachikwama ka zigamba. Mukabwera koyenda tsukani pedulo, donthezani mafuta pa sipuling'i, ndipo muigwedeze ndi dzanja kuti mumve ngati yayamba kusewera. Poimasula kumbukirani kuti pedulo yakumanzere imamasukira mbali yosiyana ndi yakumanja. Ambiri aononga mazinga a kalanki chifukwa chosadziwa zimenezi.

Ndiye musanatulutse ndalama, funsani wogulitsayo ngati cleat ya pedulo imeneyo ali nayo pa shelefu lero. Akayamba kukuuzani za katundu amene ali m'njira, sankhani ina. Ndipo sabata yoyamba muphunzirire pa kapinga wa bwalo la mpira, sipuling'i itafewetsedwa mpaka kumapeto, musanakayese m'phiri.